Matope a pansi pa nyanja akuti amasunga mbiri ya ayisi wa ku Antarctica, zimatheka bwanji?

Aphunzitsi a Jogirafe:
Moni nonse. Ndili ndi funso ndipo ndikufuna yankho lakupsa. Tikamakamba za kusintha kwa nyengo timamva kuti zaka 3 miliyoni zapitazo dziko linali lotentha kuposa lero, ayisi wa ku Antarctica anali wochepa, nyanja zikuluzikulu zinali zosefukira. Chabwino, koma anaona ndani? Kunalibe woyeza, kunalibe wolemba. Ndamva kuti umboni wake akuutenga m'matope a pansi pa nyanja. Matope enieniwa? Achemwali a ku Bremen muli pompano, tatithandizani.

Achemwali a ku Bremen:
Zikomo aphunzitsi, mwandikanda pamene pamandiyabwa. Eya, matope enieni. Pansi pa nyanja yakuya kulibe khasu kulibe mvula yokokolola, ndiye chilichonse chogwa kuchokera pamwamba chimangokhala pomwe chagwerapo, fumbi louluka ndi mphepo, dongo lobwera ndi mitsinje, mungu wa mitengo, phulusa la mapiri ophulika, komanso tizigoba ta tizamoyo ting'onoting'ono tikafa. Zimaunjikana pang'onopang'ono kwabasi, malo ambiri masentimita ochepa chabe pa zaka 1,000. Zakale pansi, zatsopano pamwamba. Ndiye ukabaya paipi n'kuzula mtanda wa matopewo osawasokoneza, wazula zaka masauzande zitandandalikana bwinobwino. Mtanda umenewo ndi umene timati core.

Wa Mijigo:
Apa nde mwandikoka. Ine ntchito yanga ndi yoboola mijigo ndipo dothi limasinthadi, katondo, kenako mchenga, kenako dongo, kenako thanthwe, koma ife zimatuluka zitasakanikirana ngati fumbi basi. Nanga iwowo ali pamadzi, sitima ikugwedezeka, pansi pali kutali, amazula bwanji osasokoneza?

Achemwali a ku Bremen:
Achimwene inu mukanaikonda sitima yake. Yotchuka ndi JOIDES Resolution, yotalika mamita 143, pakati pake pali nsanja ya rigi. Inagwira ntchitoyi kuyambira 1985 mpaka 2024, isanabwere iyo kunali ina, Glomar Challenger, yomwe inayamba mu 1968. Sinkaponya nangula ayi, madzi ake ankakhala akuya makilomita 3, 4 olo 5, m'malo mwake inali ndi mainjini 12 apansi oyendetsedwa ndi kompyuta amene ankaikankha uku ndi uku kuti ingoima malo amodzi. Amalumikiza mapaipi mpaka afike pansi. Pa matope ofewa sazunguza, amathamangitsa paipi yakuthwa ndi mphamvu ya madzi, imalowa kamodzi n'kamodzi mamita 9.5, matope amalowa m'kati mwa chubu cha pulasitiki, n'kuchikoka ndi waya. Kenako ina 9.5, kenako ina. Ndipo amaboola mabowo awiri kapena atatu moyandikana kuti pomwe pataika matope pa bowo ili, bowo linalo likwaniritse.

Ikakwera pamwamba amaidula mita imodzi ndi hafu, n'kuing'amba pakati m'litali. Theka lina ndi logwirira ntchito, theka lina amalisunga osalikhudza. Nkhokwe zake zilipo zitatu, ku College Station ku Texas, ku Kochi ku Japan, ndi kuno ku Bremen. Muno muli ma core a Atlantic ndi Arctic opitirira makilomita 150 mukawalumikiza, m'chipinda chozizira madigiri 4, umalowa utavala jekete.

Wa Mijigo:
Mamita 9.5 kamodzi, pansi pa madzi makilomita 4. Aaa anthuwa ndi amisiri.

Aphunzitsi a Jogirafe:
Za kazulidwe ndamva. Koma ayisi ali ku Antarctica, matope ali pakati pa nyanja. Zikugwirizana pati?

Achemwali a ku Bremen:
Njira zake ndi zingapo koma ndiyambe ndi imene ine ndimaikonda chifukwa imaoneka ndi maso. Pakati pa nyanja, kutali ndi mtunda, sipayenera kupezeka mwala. Mtsinje sungafikitse mwala kumeneko, mphepo singaunyamule. Koma ukatsegula core ya kumpoto kwa Atlantic ukuona matope osalala osalala, kenako mwadzidzidzi mzere wa mchenga wokhakhala ndi timiyala, nthawi zina nsangalabwi yeniyeni ili phee m'matope. Yabwera bwanji? Ayisi akamayenda pamtunda amapala thanthwe n'kumata miyalayo kumimba kwake, akafika kunyanja amathyoka kukhala zimapiri za ayisi zoyandama zija, ma iceberg, zimayenda ndi madzi makilomita masauzande, zikamasungunuka katundu yense amagwera pansi.

Mu 1988 katswiri wina wa ku Germany, Hartmut Heinrich, analemba za mizere sikisi yotereyi m'matope a nyengo yozizira yomalizayi ya zaka masauzande ambiri, ija amati ice age. Anthu atayeza timiyalato anapeza kuti tambiri ndi ta thanthwe la laimu la ku Hudson Strait ku Canada. Tanthauzo lake, ayisi wamkulu amene anakuta North America nthawi imeneyo sankangosungunuka mwaulemu, nthawi zina ankakhuthula ma iceberg ankhaninkhani kwa zaka mazana angapo, mpaka timiyala tina kukagwera kufupi ndi Portugal. Womaliza mwa mizereyi ndi wa zaka pafupifupi 16,000 mpaka 17,000 zapitazo. Ndipo mudziwe kuti nthawi yomweyo kuno ku Africa kunagwa chilala choopsa, Lake Victoria inauma. Ine ndikagwira kamwala kameneko m'manja thupi limachita tsemwe, si nkhani ya azungu okha imeneyi.

Amayi a ku Nkhotakota:
Lake Victoria kuuma? Nyanja yonse ija? Mwana wanga ukunena zoona?

Achemwali a ku Bremen:
Zoona amayi. Ndi yotakata koma si yakuya, sifika n'komwe mamita 100. Ataboola pansi pake anapeza dothi louma la kumtunda lili pansi pa matope a nyanja. Za nyanja yathu ndinena, musachoke.

Njira yachiwiri ndi imene inatsegula anthu maso kwambiri. Muli tizamoyo tina totchedwa foraminifera, timangoti ma foram, kukula kwake ngati kambewu ka mchenga, timapanga chigoba cha laimu pogwiritsa ntchito madzi a m'nyanja. Tsono oxygen wa m'madzi alipo wopepuka, oxygen-16, ndi wolemerako, oxygen-18, amene ndi wochepa kwambiri. Dzuwa likamatentha nyanja, madzi okhala ndi wopepuka uja ndi amene amakwera msanga ngati nthunzi. Nthunziyo ikakagwa ngati sinowo ku Antarctica kapena Greenland n'kuuma osabwerera, wopepuka uja watsekeredwa mu ayisi, nyanja yatsala ndi wolemera wochulukirapo. Ka foram kakamapanga chigoba nthawi imeneyo kamatengera momwemo. Ndiye timasefa matope, timatola tizigoba ndi kaburashi pa maikulosikopu kamodzikamodzi, timayeza pa makina. Wolemera akachuluka ndiye kuti ayisi anali wambiri ndipo madzi anali ozizira. Akachepa, ayisi anali wochepa.

Mnyamata wa Fiziki:
Ndiwonjezere pang'ono achemwali. Pamenepa panali mkangano weniweni. Cesare Emiliani mu 1955 ankati kusinthaku kukuonetsa kutentha kwa madzi makamaka. Nicholas Shackleton mu 1967 anaonetsa kuti gawo lalikulu ndi kuchuluka kwa ayisi. Zonse ziwiri zilimo m'chigoba chimodzi, n'chifukwa chake masiku ano amayezanso magnesium m'chigoba chomwecho, chifukwa iyeyo amatsata kutentha, ukachotsa gawo la kutentha chotsalacho ndi ayisi.

Achemwali a ku Bremen:
Ndendende. Ndipo mu 2005 Lorraine Lisiecki ndi Maureen Raymo anaphatikiza ma core a malo 57 a m'nyanja zosiyanasiyana n'kupanga mzere umodzi wa zaka 5.3 miliyoni. Atlantic, Pacific, Indian Ocean, malo otalikirana chonchi koma kukwera ndi kutsika kwake kukufanana. Ndi chimene chimandipangitsa ine kukhulupirira.

Aphunzitsi a Jogirafe:
Nanga zaka amaziwerenga bwanji? Kuti apa ndi 100,000, apa ndi miliyoni?

Mnyamata wa Fiziki:
Zapamwamba amayeza ndi radiocarbon, mtundu wa carbon umene umatha pang'onopang'ono pa liwiro lodziwika, imafika zaka pafupifupi 50,000. Kupitirira apo pali maginito a dziko. Tinthu tachitsulo ta m'matope tikamagwa timaloza kumene kampasi ikuloza nthawi imeneyo, ndipo maginito a dziko amatembenuka nthawi zina, kumpoto kukhala kum'mwera. Kutembenuka komaliza kwakukulu kunachitika zaka pafupifupi 780,000 zapitazo, ndipo zakazo anaziyeza pa miyala ya mapiri ophulika kumtunda. Ukapeza potembenukira mu core wapeza chikhomo. Kuwonjezera apo phulusa la mapiri, ndi mitundu ya tizamoyo imene imadziwika kuti inayamba liti n'kutha liti. Zikagwirizana zonsezi ndiye umadziwa kuti uli pati.

Ankolo ku Johannesburg:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Tsono ana inu mwavomera nokha. Ayisi ankabwera n'kupita, nyanja zinkauma, kulibe galimoto, kulibe fakitale, kulibe wootcha makala. Ndiye lero mukutiuziranji kuti ndife tikuwononga? Nyengo imasintha yokha basi, ndi mmene Mulungu analengera.

Achemwali a ku Bremen:
Ankolo funso lanu ndi labwino ndipo theka lake ndikugwirizana nalo, nyengo inkasinthadi popanda munthu. Koma sinkasintha popanda chifukwa, ndipo matopewa amationetsa chifukwacho. Mu 1976 Hays, Imbrie ndi Shackleton anatenga ma core awiri a kum'mwera kwa Indian Ocean n'kupeza kuti ayisi amakula n'kuchepa motsata nthawi, zaka pafupifupi 100,000, 41,000 ndi 23,000. Manambala amenewa ndi omwe aja anawerengera kale Milutin Milanković wa ku Serbia, a mmene njira ya dziko pozungulira dzuwa imasinthira ndi mmene dziko limapendekekera. Tsono mvetsetsani apa ankolo, kusintha kumeneku sikuwonjezera kapena kuchepetsa kwenikweni dzuwa lonse limene dziko limalandira pachaka, kumangosuntha kuti lambiri ligwe kuti ndipo mwezi uti. Kukankha kwake n'kochepa. Koma zotsatira zake, zaka 21,000 zapitazo ayisi wochindikala makilomita awiri kapena atatu anakuta Canada ndi kumpoto kwa Europe, nyanja zinatsika mamita oposa 120.

Kukankha pang'ono, kugwa kwakukulu. Ndiye kuti pali zokulitsa. Choyamba ayisi ndi woyera, amabweza dzuwa, akachuluka kumazizira, kukazizira amachulukanso. Chachiwiri ndi CO2, mpweya wa carbon dioxide uja umene umasunga kutentha mumlengalenga, nthawi yozizira ankatsika kufika cha m'ma 180 ppm (ndiye kuti magawo 180 pa magawo miliyoni a mpweya), nthawi yofunda kukwera kufika cha m'ma 280. Ndiye ine ndikamva kuti nyengo inkasintha yokha sindilimba mtima ayi, ndimaopa, chifukwa zikusonyeza kuti dzikoli silichedwa kuyankha ukalikankha. Ife takankha CO2 kuchoka pa 280 kupitirira 420 m'zaka zosakwana 300.

Ankolo ku Johannesburg:
CO2 wa kalekale mwamuyeza bwanji? Mpweya suwusunga m'matope.

Mnyamata wa Fiziki:
Wa zaka 800,000 zapitazi ankolo ndi mpweya weniweni, timathovu totsekeredwa mu ayisi amene anaboola ku Dome C ku Antarctica, ndipo m'zaka zonsezo sanapitirire cha m'ma 300 ppm. Kupitirira pamene ayisi akuthera ndi pamene matope amalowa ntchito. CO2 akachuluka mumlengalenga madzi a m'nyanja amawawasa pang'ono, ndipo kuwawasako kumasintha boron amene amalowa m'chigoba cha foram. Si kuyeza kolunjika ngati kwa timathovu, n'chifukwa chake manambala ake amabwera ndi malire otakasuka, koma pa zaka zimene njira ziwirizi zikukumana zimagwirizana.

Ndipo apa ndi pamene pali nkhani imene amati climate sensitivity. Funso lake ndi limodzi, CO2 akawirikiza kawiri, kuchoka pa 280 kufika 560, dziko litentha madigiri angati likakhazikika? Svante Arrhenius anawerengera pamanja mu 1896 n'kupeza 5 mpaka 6. Lipoti la Charney la 1979 linati pakati pa 1.5 ndi 4.5, ndipo malire amenewo anakhala osasuntha kwenikweni zaka 40. Lipoti la 2021 la IPCC, bungwe la UN la akatswiri a zanyengo, ndi limene linapanikiza, pafupifupi madigiri 3, makamaka pakati pa 2.5 ndi 4. Chimodzi mwa zinathandiza kupanikiza ndi matope omwewa. Mwachitsanzo gulu la Jessica Tierney mu 2020 linasonkhanitsa zoyeza za m'ma core ambirimbiri n'kupeza kuti pachimake pa nyengo yozizira ija dziko linazizira madigiri pafupifupi 6 kuyerekeza ndi nthawi mafakitale asanayambe, ndipo atawerengera anapeza sensitivity ya 3.4. Ikanakhala yochepa ngati 1, dziko silikanazizira chotero. Ikanakhala 7 likanazizira kuposa pamenepo.

Ankolo ku Johannesburg:
Madigiri 3 okha? Kuno m'mawa kumakhala 5 masana 20, sitifa.

Mnyamata wa Fiziki:
Ameneyo ndi avereji ya dziko lonse chaka chonse ankolo. Taonani nambala ija, madigiri 6 okha ndi amene akusiyanitsa dziko lathuli ndi dziko limene malo amene pali Toronto lero anali pansi pa ayisi. Ndiye 3 ndi theka la ulendo umenewo, kungoti kulowera kotentha.

Achemwali a ku Bremen:
Apa ndisiyane nawe pang'ono mng'ono wanga, osati kuti walakwa koma nambala ya 3 anthu amaigwira ngati ndi mathero. Imeneyo imawerengera zoyankha msanga, nthunzi, mitambo, ayisi woyandama panyanja. Ayisi wamkulu wa pamtunda amayankha mochedwa, zaka mazana mpaka masauzande, ndipo akabwerera m'mbuyo malo akuda amatsala poyera, kutentha kumawonjezekanso. Matope amaona zonsezo chifukwa iwo sathamanga. N'chifukwa chake nyengo ya Pliocene, zaka pafupifupi 3 miliyoni zapitazo zimene afunsa aphunzitsi, imandisowetsa tulo. CO2 anali cha m'ma 400 ppm, ngati lero lomwe. Dziko linali lotentha ndi madigiri 2.5 mpaka 4, ndipo nyanja zinali pamwamba ndi mamita pakati pa 5 ndi 25.

Umboni wa ayisi weniweni unachokera ku ntchito yoboola ku Antarctica yotchedwa ANDRILL. Chakumapeto kwa 2006 anaika rigi pamwamba pa ayisi woyandama wa McMurdo, m'mphepete mwa Ross Ice Shelf, anaboola ayisi mamita pafupifupi 85, kudutsa madzi mamita mazana angapo, kenako kulowa pansi mamita 1,285. Achimwene a mijigo mwamva? Zimene anatulutsa, chigawo china ndi chisakanizo cha dongo, mchenga ndi miyala chimene chimatsala ayisi akakhala pansi penipeni akupala. Pamwamba pake chigawo chodzadza ndi tizigoba ta ndere zing'onozing'ono zotchedwa diatom, zimene zimafuna dzuwa, sizingamere pansi pa denga la ayisi. Kenako miyala, kenako ndere, kubwerezabwereza ka 38 m'mamita 600 apamwamba. Tim Naish wa ku New Zealand ndi anzake analemba zimenezi mu 2009. Tanthauzo lake, malo amene lero akutidwa ndi ayisi anali nyanja yotseguka kambirimbiri, pa CO2 wosaposa wathuyu.

Wa Mijigo:
Mamita 1,285 rigi itakhala pa ayisi woyandama. Ife tikafika 60 timati lero tagwira ntchito. Koma funso, ayisiyo sayenda? Paipi sithyoka?

Achemwali a ku Bremen:
Amayenda pang'onopang'ono, komanso amakwera n'kutsika ndi mafunde a nyanja tsiku lililonse, ndiye rigi inali ndi makina olola kukwera ndi kutsikako, ndipo bowo la mu ayisi ankalitenthetsa ndi madzi otentha kuti lisagwire paipi.

Aphunzitsi a Jogirafe:
Ndiye kuti Antarctica sanali wa ayisi chiyambire?

Achemwali a ku Bremen:
Ayi ndithu, ndipo iyi muikonda. Mu 2010 JOIDES Resolution inaboola kufupi ndi gombe la Wilkes Land, kum'mawa kwa Antarctica. M'matope a zaka pafupifupi 52 miliyoni anapezamo mungu wa mitengo ya kanjedza ndi wa mitengo ya banja limodzi ndi mlambe. Abale ake a mlambe, ku Antarctica! Mitengo yosapirira chisanu, kumalo kumene dzuwa limasowa miyezi yathunthu. Kumpoto nakonso chimodzimodzi, mu 2004 anapita ndi sitima zitatu zophwanya ayisi ku Lomonosov Ridge pafupi ndi North Pole, ziwiri zikuphwanya ayisi imodzi ikuboola, anapeza zotsalira za kachomera koyandama pamadzi opanda mchere kotchedwa Azolla ka zaka pafupifupi 49 miliyoni. Nthawi imeneyo CO2 anali wopitirira 1,000 ppm.

Kenako anayamba kutsika pang'onopang'ono, ndipo zaka 34 miliyoni zapitazo oxygen wolemera uja akudumpha mwadzidzidzi m'ma core a nyanja zonse, timiyala ta ma iceberg tikuyamba kuoneka mozungulira Antarctica. Ayisi wamkulu wabadwa. Ndipo umboni wina wabwino wa CO2 wa nthawi imeneyo unachokera kwa aneba athu, kum'mwera kwa Tanzania cha ku Kilwa ndi Lindi, kumene matope akale a pansi pa nyanja ali pamtunda tsopano ndipo dongo lake linasunga ma foram osawonongeka. Paul Pearson ndi anzake mu 2009 anapeza kuti ayisiyo anagwira CO2 atatsika kufika cha m'ma 750 ppm. Ayisi wamkulu wa kumpoto anachedwa, anakula zaka pafupifupi 2.7 miliyoni zapitazo CO2 atatsikanso kwambiri.

Amayi a ku Nkhotakota:
Unati unena za nyanja yathu.

Achemwali a ku Bremen:
Eya amayi. Mu 2005 anaika rigi pa chombo cha Viphya n'kuboola pakati pa Nyanja ya Malawi, pamadzi akuya mamita 592, n'kulowa m'matope mamita pafupifupi 380, zaka 1.3 miliyoni. Njira yake ndi yomweyi. Anapeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunali zilala zoti madzi a m'nyanjamo anachepa ndi 95 pa 100 alionse, inatsala kanyanja kosaya. Kumene muli inu ku Nkhotakota bwenzi nyanja simukuiona n'komwe. Komanso mu 2016 JOIDES Resolution inaboola kufupi ndi mathiriro a Zambezi ndi Limpopo, ndipo Shire amathira mu Zambezi, ndiye dothi la dera lathu lino likusungidwanso kumeneko. Ulendo womwewo anaboola pa Agulhas Plateau kum'mwera kwa South Africa, ankolo kumeneko n'kwanu tsopano, anapeza timiyala togwa ku ma iceberg a ku Antarctica amene ankafika mpaka kumeneko nthawi zozizira.

Amayi a ku Nkhotakota:
Ambuye. Ife timangoti nyanjayi ndi yamuyaya.

Dalaivala wa Beira:
Ine ndimatenga mafuta ku Beira, ndipo mzinda uja ndimaudziwa, ndi wosalala, madzi ali pompo, mbali zina nyanja ikadzadza imakhala ngati ili pamwamba pa msewu. Namondwe wa Idai wa March 2019 ndinaona zimene anasiya. Ndiye mukati mamita 5 mpaka 25 ine mutu ukuzungulira. Liti? Ana athu aziona?

Mnyamata wa Fiziki:
Mamita 25 ayi achimwene, amenewo ndi a zaka masauzande. Kuyambira 1901 mpaka 2018 nyanja zakwera pafupifupi masentimita 20, ndipo panopa zikukwera mamilimita 4 kapena kuposerapo pachaka, liwiro likuwonjezeka. IPCC ikuti pofika 2100 zikhoza kukwera masentimita pafupifupi 30 mpaka mita imodzi malinga ndi utsi umene titulutse. Kwa Beira mita imodzi yomweyo ndi yaikulu, chifukwa namondwe akabwera amayambira pamwamba pa mita imeneyo.

Achemwali a ku Bremen:
Ndipo za liwiro zakale zimatichenjezanso. Zaka pafupifupi 14,600 zapitazo nyanja zinakwera mamita 14 mpaka 18 m'zaka zosapitirira 350, anaziona pa ma coral, matanthwe omangidwa ndi tizamoyo ta m'madzi osaya, amene anaboola ku Tahiti mu 2005. Kunena chilungamo nthawi imeneyo ayisi woti asungunuke analipo wambiri kuposa lero, ndiye si kuti zibwereza chimodzimodzi. Koma zikuonetsa kuti ayisi amatha kuthamanga. Amene amaopsa lero ndi wa kumadzulo kwa Antarctica chifukwa wakhala pa thanthwe limene lili pansi pa mulingo wa nyanja, malo ena makilomita oposa awiri, ndipo thanthwelo limanka litsika ukamalowa m'kati. Madzi ofunda akalowa kunsi n'kumudya, akabwerera m'mbuyo amafika pakuya kwambiri, pakuyapo amataya ayisi wochuluka. John Mercer anachenjeza za zimenezi mu 1978. Thwaites, mtsinje umodzi wa ayisi wa kumeneko, yekha ndi wamkulu kuposa Malawi yense ndipo ali ndi madzi okweza nyanja masentimita 65, ayisi yense wa mbali imeneyo mamita oposa 3, Greenland mamita 7, Antarctica yense mamita 58. Olo zaka 125,000 zapitazo, kutentha kutangoposa pang'ono kwa nthawi mafakitale asanayambe, nyanja zinali pamwamba ndi mamita 5 mpaka 10.

Dalaivala wa Beira:
Ndiye doko la Beira likavuta, mafuta, feteleza, zonse zimene timakoka pamsewu uja zavuta. Anthu amati ife tilibe nyanja yamchere sizitikhudza. Ayende nane ulendo umodzi aone.

Ankolo ku Johannesburg:
Chabwino, za kukankha zija ndazimva, ndipo za mlambe zandidabwitsa. Koma palibe nthawi imene mpweyawu unachuluka mwadzidzidzi wokha ngati lero, dziko n'kudzikonza?

Achemwali a ku Bremen:
Ilipo ankolo, zaka 56 miliyoni zapitazo. Carbon wambiri analowa mumlengalenga m'zaka masauzande ochepa, dziko linatentha ndi madigiri pafupifupi 5. Mu 2003 anaboola pa Walvis Ridge kufupi ndi Namibia, ndipo core yake sufunika kukhala katswiri kuti uone. Matope oyera ngati choko, kenako mzere wakuthwa, pamwamba pake dongo lofiirira. Madzi anawawasa mpaka tizigoba ta laimu tonse tinasungunuka, kunangotsala dongo. Ma foram ambiri a pansi pa nyanja anatheratu. Kenako mtundu ukuyera pang'onopang'ono pamene ukukwera m'mwamba, ndiye eya linadzikonza, koma zinatenga zaka zoposa 100,000. Ndipo akatswiri atawerengera anapeza kuti ife tikutulutsa carbon mofulumira pafupifupi kakhumi kuposa nthawi imeneyo.

Wa Mijigo:
Mwati sitima ija inasiya mu 2024. Ndiye ntchito yaima?

Achemwali a ku Bremen:
Ulendo wake womaliza unali wa ku Fram Strait, pakati pa Greenland ndi Svalbard, pakati pa chaka cha 2024, kenako a ku America amene ankalipira gawo lalikulu anasiya chifukwa cha kukwera kwa mtengo woiyendetsera. Ine zimandipweteka, chifukwa mozungulira Antarctica mabowo akadali ochepa kwambiri poyerekeza ndi kukula kwa malowo, ndipo mafunso a liwiro amene afunsa adalaivala mayankho ake ali komweko. Japan ili ndi sitima yoboola ya Chikyu, China inatulutsa ya Meng Xiang kumapeto kwa 2024, a ku Europe amachita kubwereka sitima malinga ndi ntchito, ndiye kuboola sikunatheretu. Komanso ma core akale sanathe ntchito, alipo amene anazulidwa m'ma 1970 amene anthu akuwayezabe ndi makina atsopano.

Mnyamata wa Fiziki:
Achemwali, munthu wophunzira kuno kumudzi angathe kupeza matope amenewo kapena ndi za mayunivesite akuluakulu okha?

Achemwali a ku Bremen:
Angathe. Ulendo ukatha pamadutsa pafupifupi chaka chimene amagwiritsa ntchito okhawo amene anali pa ulendowo, kenako wofufuza aliyense amalemba pempho pa intaneti, kufotokoza core imene akufuna, kuya kwake, ndi zimene akufuna kuyeza, akavomera amamudulira timasampulo n'kutumiza. Zoyeza zambiri zimene anachita pasitima zilinso poyera, ukhoza kuzitsitsa lero lomwe. Chovuta kwathu ndi makina oyezera oxygen ndi boron, amenewo umafunika kugwirizana ndi labu ya kunja, koma kusefa matope, kuwerenga timiyala ta ma iceberg ndi kutola ma foram kumangofuna sefa, madzi oyera, maikulosikopu ndi kudekha. Yamba ndi ma core a ulendo wa 2016 uja wa ku Zambezi, nambala yake ndi Expedition 361, ukawerenga undipeze ku inbox tione pamodzi poyambira.